Malamba a Mvuu

Chingwe chinagwedezeka m'manja mwa Mvuu, ndipo iye anayamba kukoka. Choyamba kutuluka m'madzi sichinali mutu wa mlongo wake. Zinali zipsepse za labala za kumapazi, zitaloza kumwamba ngati makutu a bulu. Kenako inatuluka silinda ya mpweya itapendekera kumanzere, ndipo pomaliza penipeni anatulukira Singano mwiniwakeyo, akulavula chopumira pamodzi ndi mawu ena amene mayi awo sanawaphunzitse.

"Ukonde uja wasoka?" anafunsa kapitawo, manja ali m'chiuno.

"Ndauona pamene wang'ambikapo," anayankha Singano, akugwira thabwa.

"Kuona nsomba nazo zaona. N'chifukwa chake zikutuluka."

Anali pa famu ya nsomba, pa damu lalikulu. Nsombazo ankaziweta m'makola a ukonde oyandama, ndipo pakati pa makolawo panali njira za matabwa zokhazikika pa migolo. Ukonde wa khola lalikulu unali utang'ambika pansi penipeni, ndipo nsomba zimene zinadya chakudya cha kampani kwa miyezi yambiri zinkatuluka mwaulemu, imodziimodzi, osatsanzika.

Kusoka ukonde pansi pa madzi inali ntchito ya Mvuu kuyambira pamene famuyo inatsegulidwa. Dzinalo anamupatsa ndi anzake, chifukwa anali chimunthu chachikulu chimene chikalowa m'madzi chinkaiwala kutuluka. Koma khutu lake lamanja linaphulika tsiku lina ali pansi, ndipo kuyambira pamenepo ankangokhala pa matabwa n'kumauza aliyense kuti mwezi wamawa abwerera. Mlongo wake, amene ankasoka maukonde kumtunda ndipo anali wowonda ngati chida chake chomwecho, anapita kukaphunzira udaiva kuti ntchitoyo isachoke pabanja. Anakhoza bwino. Koma kusukuluko ankavala zida za sukulu. Lero kanali koyamba kuvala za mchimwene wake.

Kapitawo anagwada kuti amuone bwino kumaso.

"Chemwali, ndimakuona kuchokera pano. Umazungulira ngati mgolo wopanda kanthu. Munthu wozungulira pafupi ndi ukonde amakodwa, ndipo ine sindinalembedwe ntchito yovuula mitembo. Ndiimbira madaiva a m'tauni. Koma mudziwiretu nonse awiri: amenewo sabwerera bowo limodzi. Akabwera amafuna famu yonse, chaka chonse."

"Tipatseni mpaka nsomba zitadya chakudya cha masana," anatero Singano.

"Kuti utani?"

"Kuti ndione chimene chikundigubuduza."

Kapitawo anayang'ana dzuwa, nayang'ana khola, kenako anabweza foni m'thumba. Sanaimbe.

Ananyamula zonse n'kupita kumene matabwa amayambira, pafupi ndi gombe. Kumeneko madzi anali oyera, moti munthu woima pamwamba ankaona miyala ya pansi. Singano anavula zidazo n'kuziimika. Panali puleti, chitsulo chophwatalala chokhala kumsana, chokhala ndi mipata yolowetsamo lamba. Lambayo anali mmodzi yekha wautali: ankadutsa m'mipatamo n'kupanga mapewa onse awiri, n'kutulukira m'munsi kukamanga m'chiuno. Kuseri kwa puleti kunali thumba la mpweya limene madaiva amalitcha phiko, ndipo kuseri kwa phikolo kunali silinda, yogwidwa ndi malamba ena awiri.

"Zida zimenezi zilibe mlandu," anatero Mvuu, akukhala pa ndowa yovundikira. "Zandisunga ine zaka zonsezi. Vuto ndi miyendo yakoyo. Ukuponda madzi ngati ukupalasa njinga pa chitunda."

"Achimwene, kusukulu kuja ndinkagona m'madzi ngati thabwa. Miyendo ndi yomweyi, sindinabwereke ina."

"Ndiye ukuti chalakwa n'chiyani?"

"Sindikudziwa. Ndisintha chimodzichimodzi. Ndikasintha zonse pamodzi sindidziwa chimene chimandizunza."

Anagwira puleti ndi manja onse n'kuinyamula. Silinda inatsetsereka m'malamba ake n'kugunda thabwa, gu! Singano anaiyang'ana, natsonya.

"Apa wolakwa ndine. Ndinamanga malamba ali ouma. Akanyowa amatamuka."

"Ine sindinanyowetsepo lamba chibadwire."

"Inu muli ndi mikono imeneyo. Mukakoka kamodzi silinda imalira. Ine ndilibe."

Anamasula malamba awiriwo, anawaviika m'madzi mpaka anakhuta, kenako anaigoneka silinda, naikhalira ngati akukwera bulu. Anakoka lamba ndi thupi lonse, bondo lili pa chitsulo, mitsempha ya m'khosi itatuluka, ndipo chotsekera chinatseka ndi phokoso, kha! Ananyamulanso puleti n'kuigwedeza. Silinda inakhala nji.

Anavala n'kulowa. Mvuu anagwira chingwe nasuzumira. Silinda sinkavinanso kumsana, koma mutu wa mlongo wake unkalowabe pansi, miyendo n'kumakwera. Anayesa kuwongoka, miyendo inakweranso. Anatuluka akusisita nkhongo.

"Vavu ya silinda ikundigogoda m'mutu ngati ndili ndi ngongole nayo. Silinda yakwera kwambiri."

"Ili pa mzere," anatero Mvuu.

Pa silinda iliyonse ya Mvuu panali mzere wa penti yofiira, wosonyeza pamene lamba wa pamwamba amadutsa. Anaujambula yekha, ndipo palibe pa famupo amene ankaloledwa kumanga silinda pamalo ena.

"Mzere umenewu munajambulira miyendo yanu. Miyendo yanu ndi zipilala, imamira, ndiye mumakweza silinda kuti mutu ulemere. Yanga ndi mapesi. Ikufuna kuuluka."

Anatsitsa silinda mpaka mzere wofiira unabisika kuseri kwa phiko. Zinali zoona, ndipo chimene chinamuwawa Mvuu n'chakuti iye sanaganizepo chifukwa chimene anajambulira mzerewo pamenepo. Anangoyesa tsiku lina, zinayenda, n'kutenga penti.

Nthawi imeneyo anafika mayi wodyetsa nsomba, thumba la chakudya lili pamutu. Anali mayi wa pakamwa posasunga kanthu. Anatula thumbalo n'kuima kuonerera.

"A Mvuu, mwalowa sukulu?"

"Pitani mukadyetse nsomba, mayi."

"Zimene zatsalazo? Musandithamangitse. Ndikachedwa ine ndiye kuti mlongo wanuyu wapeza nthawi."

Singano analowanso. Ulendo uno mutu ndi miyendo zinagwirizana, koma thupi linkayendabe mbali ndi mbali. Mvuu ankaona phiko litafufuma ngati mtsamiro, mpweya ukuthamangira kumanja, kenako kumanzere, ndipo kulikonse kumene mpweya wapita, mlongo wake ankatembenuzika. Anatuluka n'kumasula matumba a mtovu a m'chiuno. Anakhuthulira zidutswazo pa thabwa.

"Zonsezi mumanyamula?"

"Zonse."

"N'chifukwa chake ndikudzaza phiko mpaka kukhosi. Mtovu ukundikokera pansi, ine n'kumapopa mpweya kuti ndisamire, mpweyawo n'kumasewera nane."

"Mafuta amayandama, mwanangu," anatero mayi wodyetsa nsomba. "Achimwene akowa popanda mtovu umenewo akanamangoyenda pamwamba ngati chidebe. Iwe uli ndi mafuta ati? Ngakhale okazingira dzira mulibe."

Singano anaseka, koma manja sanaime. Anatenga silinda ina imene mpweya wake unali pafupi kutha, chifukwa silinda imapepuka ikamatha, ndipo munthu amayenera kudziyesa pa nthawi yopepukayo. Analowa nayo, anatulutsa mpweya wonse m'phiko, n'kumachotsa mtovu chidutswa ndi chidutswa, kumapatsira mchimwene wake, mpaka madzi anamulekeza m'maso. Akatulutsa mpweya m'chifuwa ankamira pang'onopang'ono, akaukoka ankabwerera. Mtovu wotsalawo anaugawa mofanana, kumanja ndi kumanzere. Mulu umene unatsala pa thabwa unali waukulu kuposa umene anatenga.

Mvuu anauyang'ana muluwo. Iye akanakhala kuti wagubuduzika pamaso pa kapitawo m'mawa uja, akanatukwana madzi, akanatukwana silinda, akanalowanso ndi mkwiyo n'kulimbana nazo mpaka china chitagonja. Ndimo mmene ankagwirira ntchito, ndipo mphamvu zake zinkamulola. Koma kamunthu aka kankafunsa chitsulo funso limodzi, n'kudikira yankho, n'kufunsa lina. Milomo yake inali itayamba kuda ndi kuzizira, zala zitakwinyika, koma nkhope inali ngati ya munthu amene akusankha mpunga.

Singano anabwezera silinda yodzaza n'kulowanso. Anagona bwino kanthawi, kenako pang'onopang'ono, ngati bwato lolowa madzi, anapendekera kumanzere. Anadziwongola. Anapendekeranso kumanzere.

"Basi," anatero Mvuu, mlongo wake atatuluka. "Zatsalazo ndi thupi lako. Uzolowera."

"Ndizolowera ndili m'kati mwa ukonde?"

Anavula zonse. Anachotsa silinda, anachotsa phiko, n'kugoneka puleti yokha pa matabwa. Anakhala pansi n'kumaiyang'ana. Kutali, kapitawo ankayendayenda pa khola lalikulu, akuyang'ana kuno kawirikawiri. Singano analowetsa chala m'lamba wa phewa lamanja ndi china m'lamba wa phewa lamanzere, n'kukweza onse pamodzi. Wamanzere anathera panjira. Wamanja anapitirira ndi chikhatho chathunthu.

"Achimwene, taimirirani."

"Chifukwa?"

"Taimirirani basi. Muwongoke."

Mvuu anaimirira. Mayi wodyetsa nsomba anawomba m'manja n'kuseka mpaka kugwira bondo.

"Mwangodziwa lero? Famu yonse ikudziwa kuti a Mvuu amayenda mopendekera! Phewa ili ndi phiri, ili ndi chigwa. Malaya awo kolala imathawira mbali imodzi."

"Mabodza amenewo."

"Masilinda mwakhala mukunyamulira phewa liti?" anafunsa Singano.

Mvuu anakweza dzanja n'kugwira phewa lake lamanja. Linali lokhuthala, lolimba ngati chitsa. Anagwira lamanzere. Zaka zonsezo ankakoka lamba apa, kumasula apo, kufuna kuti zimukhale bwino, osadziwa kuti akusema zidazo kuti zifanane ndi kupindika kwake. Pa iye zinkakhala chilili. Pa munthu wowongoka, mbali yamanja inkasiya mpata, puleti n'kumanyamuka, silinda n'kumagwera kumanzere.

Kufupikitsa malambawo inali nkhondo. Lamba anali atauma m'mipata ya puleti, atapindika pamalo omwewo kwa zaka, moti sankafuna kusuntha. Singano anamukankha ndi chosokera ukonde, anamuluma ndi mano, chikhadabo chinathyoka. Anayamwa chalacho n'kupitiriza. Mvuu anagwada n'kumugwirira puleti, osapemphedwa. Singano anafupikitsa phewa lamanja, kenako onse awiri, mpaka puleti inakhala pakati pa msana, pamene dzanja lake likapita kumbuyo linkagwira m'mphepete mwake. Anafupikitsanso lamba wina waufupi wodutsa pakati pa miyendo, kuti puleti isamakwere phiko likalandira mpweya.

Singano atalowa ulendo uno, Mvuu anaiwala kuti wagwira chingwe.

Singano anatsika pang'ono n'kuima pakati pa madzi, osagunda pansi, osakwera. Anagona chafufumimba, mawondo atapinda, manja ali kutsogolo. Sanapalase. Sanagwedeze ngakhale chipsepse. Anatembenukira kumanja dala, nabwerera. Anatembenukira kumanzere, nabwerera, silinda ili phee ngati inamera pamsana pake. Kenako anayamba kuyendetsa manja ngati akusoka, ndipo thupi lonse linangokhala pamalo amodzi. Tinsomba ta m'mphepete tinabwera kudzamuzungulira, tina n'kumajompha galasi lake la kumaso.

"Mayo ine," ananong'ona mayi wodyetsa nsomba. "Ngati wagona pa bedi."

Mvuu pa moyo wake wonse sanaimepo chonchi m'madzi. Ankasoka atakola mwendo pa chingwe cha khola, kapena atagwira ukonde ndi dzanja limodzi. Ankadziwa madaiva ambiri, ena a zida zodula, koma woima chonchi anali asanamuone.

Kapitawo anali atafika kumbuyo kwawo, ndipo nayenso anaona. Singano atakwera pa matabwa, kapitawoyo anagwedeza mutu movomereza. Kenako maso ake anatsika.

"Nanga mchira uwu?"

Lamba yense amene anachoka m'mapewa anali atatulukira m'chiuno. Chiuno cha Mvuu chinali cha anthu awiri, ndiye nsonga yotsala inkalendewera mpaka m'mawondo mwa Singano.

"Ndiupinda," anatero iye.

Anaupinda kangapo n'kuumanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Unapanga chibumpha ngati nkhonya pambali pa chiuno. Kapitawo analoza ukonde wakale umene unkalendewera pansi pa matabwa.

"Kadutse apo, ukhudze ukonde ngati mmene ukakhudzire uko."

Singano analowa. Anayenda m'mbali mwa ukondewo, phewa likukhudza, ndipo pobwerera chibumpha chija chinalowa m'diso la ukonde. Anaima. Mvuu anakonzeka kukoka chingwe. Koma mlongo wake sanaphiriphithe. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, anatsitsa dzanja, anafufuza ndi zala, n'kumasula ulusi umodziumodzi. Mphira unaduka, mchira unatambasuka n'kumayandama pambuyo pake.

Anakwera, anakhala pansi, n'kuyamba kuupindanso.

"Wadzimasula bwino, sindikana," anatero kapitawo. "Koma uko n'kwakuya, kuli mdima, ndipo ukonde wong'ambika umayenda. Ndi mchira umenewo sulowa m'khola langa. Dula."

"Ndiupinda mwa mtundu wina."

"Dula, chemwali. Ndi lamba chabe."

"Si wanga," anatero Singano, osakweza mutu.

Mayi wodyetsa nsomba anayamba kumasula thumba lake, mwadzidzidzi ali ndi ntchito yambiri. Kapitawo anatulutsa foni.

Mvuu anayang'ana zala za mlongo wake zikulimbana ndi mphira wina. Tsiku limene dokotala anamuunika m'khutu, Singano anali m'chipindamo, atakhala pa mpando wa pakona, atanyamula jekete lake. Anamva zonse. Dokotala sananene za mwezi wamawa. Ananena kuti khutulo likadzalowanso pansi, mwini wake adzatuluka wosamva, ngati adzatuluke n'komwe. Kuchokera tsiku limenelo Mvuu wakhala akunena za mwezi wamawa kunyumba, pa famu, kwa mkazi wake, ndipo Singano sanamutsutsepo ngakhale ndi diso. Lero wasuntha mzere wake, wachotsa mtovu wake, wamuimiritsa pagulu kuti aone phewa lake, zonsezo mosapepesa. Koma chilichonse chimene wasintha chinali chotheka kubwezera. Ichi chokha ndiye wakana, ndipo anali wokonzeka kutaya ntchito, kapena kulowa ndi mchira m'khola, kusiyana n'kuti amudulire yekha.

Lamba wina akanatha kugula m'tauni, Mvuu ankadziwa. Ankadziwanso kuti sadzamugula.

"Bwana, taimani kaye ndi foniyo," anatero. "Iwe, imirira."

Singano anaimirira. Mvuu anasolola mpeni umene unali pa lamba wa m'chiunoyo, anagwada, n'kukoka nsonga ija mpaka inawongoka. Anayeza chikhatho chake chimodzi kuchokera pa chotsekera.

"Ndikusiyira apa. Nyengo yozizira udzavala suti yokhuthala, udzafuna malo."

"Achimwene…"

"Usagwedezeke, ndingakubaye."

Lambayo anali wolimba, ndipo mpeni unadutsa movutikira. Chidutswa chinagwera pa thabwa. Mvuu anatambasula dzanja osayang'ana kumbuyo, kapitawo n'kuikamo laitala yake. Anawotcha nsonga yodulidwayo kuti isamasuke, naifinya ndi zala ikadali yotentha. Kenako anazungulira mlongo wake, anagwedeza silinda, anayang'ana geji ya mpweya, anakoka lamba aliyense.

"Bowo lija uyambire kumunsi," anatero. "Ukayambira kumwamba ukonde ukugwera pamutu."

"Ndamva."

"Ndipo ukakoka chingwe, ukoke ngati munthu. M'mawa muja ndimayesa ndi nsomba."

Anayenda onse kupita ku khola lalikulu. Singano analuma chopumira, anagwira galasi, n'kulowa. Chingwe chinayenda m'manja mwa Mvuu, chinayenda, kenako chinaima. Thovu linayamba kutuluka pamwamba, pamalo amodzi, mosathamanga. Mayi wodyetsa nsomba anadikira, chakudya chili m'manja, kuti nsomba zisachite chipwirikiti munthu ali pansi.

Kapitawo anakhala pa mgolo pafupi ndi Mvuu, akuyang'ana thovulo.

"Ali bwino mwanayu," anatero. "Ndiye mukachira mwezi wamawawu, tidzakhala ndi madaiva awiri."

Mvuu anakulunga chingwe chotsala n'kuchiika bwino pambali pa phazi lake.

"Daiva wanu ndi ameneyo, bwana," anatero. "Ine mundilembe wa chingwe."